Maso ali pamalo a sijida, mtima uli kwina



Dzulo pa swala ya Isha ndinakhala pa tashahhud osadziwa ngati ndili pa rakaa yachiwiri kapena yachinayi. Maso anali pamalo a sijida monga anatiphunzitsira ku madrasa, koma mtima unali pa mayeso a Lachisanu.

Zinandikumbutsa kafukufuku wa Daniel Simons ndi Christopher Chabris wa mu 1999 ku Harvard. Anaonetsa anthu vidiyo ya osewera basketball, n'kuwauza kuti awerenge kuti ovala zoyera apatsirana mpira kangati. Pakati pa osewerawo panadutsa munthu wovala ngati gorilla. Pafupifupi theka la oonerawo sanamuone.

Masiku ano ofufuza amagwiritsanso ntchito VR, chipangizo chovala kumaso chomwe chimakulowetsa m'chipinda chopangidwa ndi kompyuta. Wofufuza amalamulira chilichonse chomwe diso likulandira. Mu 2011, Evan Suma ndi anzake ankasuntha chitseko cha chipinda chotere munthu akayang'ana kumbali. Mwa anthu 77, mmodzi yekha ndiye anazindikira. Tangoganizani, chitseko chomwe walowera yekha!

Koma chomwe chinandiopsa ndi ichi. Mu VR diso lililonse lili ndi sikirini yake, ndiye diso limodzi ungalionetse nkhope ya munthu, linalo mitundu yothwanimathwanima. Kwa masekondi angapo munthu amalumbira kuti sakuona nkhope iliyonse. Komabe ofufuza anapeza kuti nkhope ya mantha imatulukira msanga kuposa nkhope wamba. Ndiye kuti ubongo umakhala wayamba kale kuilandira mwini wake asakudziwa.

Ustaz wathu akamanena za ghafla ine ndinkangoti akunena anthu aulesi. Surah Al-Hajj, ndime 46, ikukamba za khungu lomwe limagwira mtima maso ali bwinobwino. Sindikunena kuti asayansi atsimikizira Qur'an, ayi, Qur'an sidikira labu. Ndikungoti ndinazindikira kuti khushuu siyamba ndi takbir. Zonse zomwe ndimadutsitsa ndi chala pa Facebook adhana ikumveka zimalowa, ngakhale zomwe ndikuganiza kuti sindinaziwerenge, ndipo ndimapita nazo pa mkeka wa swala.

Dzulo lija ndinatenga chiwerengero chochepacho, n'kumaliza swala, n'kuchita sijida ya kuiwala. Lero pa Fajr foni ndinaisiya pansi pa pilo kuyambira pa wudhu mpaka salamu. Mayeso aja anabwerabe pa rakaa yoyamba, koma ulendo uno ndinawaona akubwera.