Kuwerengera Chaka Choipa: Zimene Kayelekera Akutiphunzitsa

Tonsefe timafuna kuti ndalama yathu ibereke. Koma ndi angati mwa ife amene amakhala pansi ndi cholembera n'kufunsa kuti zitavuta angataye zingati? Mgodi wa uranium wa Kayelekera, kumadzulo kwa tauni ya Karonga, uli ndi zotiuza pa funso limeneli.

1. Tisawerengere pa mtengo wa tsiku lokoma. Mu 2007, chaka chimene boma linasainirana pangano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, mtengo wa uranium unapitirira madola 130 pa paundi. Mgodi unatsegulidwa mu 2009. Mu Malichi 2011 ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, inagwetsa msika, ndipo pofika 2014 paundi inkagulidwa pa madola osakwana 40. Mu Febuluwale chaka chimenecho ntchito yokumba inaima, anthu mazanamazana nabwerera kwawo. Mwalawo unali womwewo, antchito anali akhama monga kale. Chinasintha ndi mtengo basi. N'chifukwa chake wanzeru amalemba manambala atatu asanatulutse ndalama: phindu la chaka chabwino, la chaka chapakati, ndi la chaka choipa. Kenaka amafufuza mtengo umene ungangobweza mpamba. Kodi mtengo utatsika ndi theka, ana adzapitabe kusukulu? Funso limeneli limafuna kulimba mtima, chifukwa mtima umakonda nambala yokoma.

2. Tione kumene ndalama zathu zimachokera. Taganizirani munthu amene anali ndi nyumba ya lendi, golosale ndi minibasi pa nthawi imene mgodi unkayenda bwino. Ankati ali ndi mabizinesi atatu, chonsecho onse ankadya malipiro a mgodi umodzi. Mpunga wa Kilombero ndi usipa wa m'nyanja sizigwa chifukwa cha ngozi ya ku Japan. Kugawa mpamba kwenikweni n'kusankha zinthu zosagwera tsiku limodzi.

3. Tiyese phindu ndi mitengo ya pamsika. Thumba losungitsako ndalama likatipatsa 20 pa 100 m'chaka chimene mitengo ya katundu yakwera ndi 30 pa 100, tasauka, ngakhale pepala likuonetsa nambala yaikulu. Tikukumbuka Novembala 2023, pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100. Choncho tifunse oyendetsa thumbalo zotsatira za zaka zisanu, osati za chaka chimodzi chonyadira. Atiuze chaka chawo choipitsitsa, ndalama zimene amadula pa ntchito yawo, komanso ngati Reserve Bank of Malawi inawapatsa chilolezo. Matumba awiri akabereka mofanana, tisankhe limene phindu lake silikwera ndi kutsika kwambiri. Ngakhale ku banki m'khonde, kupempha kuona buku si mwano ayi.

4. Tisataye mtima, koma tikumbukire. Kampani ya Lotus Resources inagula mgodiwu mu 2020, boma likusungabe magawo 15 pa 100. Kumayambiriro kwa 2024 mtengo unapitiriranso madola 100, ndipo mu 2025 mgodi unayambanso kutulutsa uranium. Tikondwere ndithu. Koma mgodi unakhala chiimire zaka zoposa khumi, ndipo amene anatha kudikira ndi amene sanamire m'ngongole. Inu amene mwalembedwanso ntchito, kodi mwapatula kale ndalama zokwanira kudyetsa banja miyezi isanu ndi umodzi?