Khoswe, Kadzidzi ndi Mpanda wa Mnansi

Ambiri a inu muli ndi ana kapena abale amene akhala mu mzinda wa Tete. Anacoka ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga kukafuna nchito. Ena anapita kale. Ena anapita pamene migodi ikuluikulu ya ku Moatize inayamba kutulutsa malasha m'caka ca 2011. Ambiri anapeza malo ku mabairo a Matundo ndi Chingodzi, munthu asanaoloke mlatho wa Samora Machel kulowa pakati pa mzinda.

Ku bairo nyumba ziyandikana kwambiri. Mnansi akatsokomola, umamva. Akakazinga nsomba, fungo lilowa m'nyumba mwako. Wailesi yake uimvera ndi iwe womwe, ufune usafune. Banja lililonse lili ndi kabwalo kake, kamene kumeneko ati kintali. Ena achinga ndi bango, ena ndi malata akale, amene ali ndi ndalama amanga mpanda wa njerwa. M'kintali muli mtengo wa masau kapena wa papaya, khola la nkhuku, mbuzi imodzi yomangirira pa cikhomo, ndi kadimba ka ndiwo kothirira ndi madzi otsukira mbale. Pena ndi pena paima mlambe umene unalipo nyumba zisanabwere. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kufika madigiri 40 ndi kupitirira, ndipo anthu ambiri agona panja pa mphasa.

Munthu wogona panja aona kuti m'kintali sakhala yekha. Nkhuku ndi mbuzi zili ndi mwini. Koma mulinso ena opanda mwini. Nalimata ali pa khoma pafupi ndi nyali, kudikira tizilombo. Cule ali pansi pa mtsuko, pamene pali cinyontho. Mileme iuluka madzulo. M'mawa pumbwa alira mu mtengo wa masau. Makoswe athamanga pa mitanda ya denga. Ndipo usiku wina kadzidzi atera pa malata.

Funso lathu ndi ili. Munthu anena kuti, "Pano ndi pakhomo panga. Camoyo ciliconse colowa mu mpanda mwanga ndicita naco cimene ndifuna." Kodi anena zoona?

Tiyambe ndi khoswe, pakuti palibe amene amukonda. Khoswe aboola thumba la cimanga, adya sopo, aluma zovala, ndipo aswana msanga. Wamkazi akhala ndi bere masabata atatu okha, nabala ana 6, 8 kapena kuposa. Bambo wa pakhomo atopa nawo. Apita ku msika, agula mankhwala a makoswe, asakaniza ndi ufa kapena mutu wa nsomba, naika kuseri kwa nyumba. Ndalama ndi zake. Nyumba ndi yake. Ndani angamuletse?

Koma titsate mankhwalawo kumene apita. Mankhwala ambiri a makoswe sapha tsiku lomwelo. Aononga magazi pang'onopang'ono, kotero kuti khoswe akha magazi m'kati mwa thupi. Papita masiku angapo asanafe. Masiku amenewo iye ayenda mofooka, ngakhale masana, ndipo sadziwa kuti mpanda ndi ciani. Alowa pansi pa bango, nafika m'kintali ya mnansi. Mphaka wa mnansi amugwira mosavuta. Galu amudya. Nkhuku zijompha mtembo wake, kapena zipeza ufa womwe uja umene khoswe anamwaza. Palinso mankhwala ena ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, amene apha msanga. Mwana wokwawa sawerenga, sadziwa malire a kintali, ndipo ciliconse cimene atola apititsa kukamwa.

Taonani tsono. Dzanja linaika mankhwala m'kati mwa mpanda, koma imfa inatulukira kunja. Mnansi sanafunsidwe. Iye angopeza nkhuku zitatu zitauma m'mawa, nayamba kuganizira anthu zoipa. Ine ndiona kuti mau aja akuti "pakhomo panga" afika pamene mpanda uthera. Zocita zathu zipitirira pamenepo. Utsi wa zinyalala zimene utentha, madzi oipa amene utaya, mankhwala amene uchera, zonsezi zioloka mpanda osapempha njira.

Tsopano tibwere kwa kadzidzi, pakuti nkhani yake ndiyo yovuta. Ine ndine mwana pamaso panu. Ndidziwa zimene makolo anatiuza: kadzidzi akalira pa denga, maliro ali pafupi, ndipo alipo amene wamutuma. Sindinyoza amene anatilera. Ndingopempha kuti tiyang'ane mbalameyi monga tiyang'ana nkhuku tisanagule, mbali iyi ndi mbali iyo.

Akadzidzi alipo a mitundu yambiri. Amene akonda kukhala pafupi ndi nyumba za anthu ndi uja wa nkhope yoyera ndi cifuwa coyera. Masana abisala m'denga la chalichi, m'nyumba yosiyidwa kapena m'mphako ya mlambe. Kulira kwake ndi kukuwa kokanda m'makutu, ndipo kuopsadi. Auluka popanda phokoso cifukwa nthenga zake ndi zofewa m'mphepete. Maso ake satembenuka monga athu. N'cifukwa cake atembenuza mutu wonse, mpaka kuyang'ana kumbuyo thupi lili ciimire. Acita zimenezi pakuti m'khosi mwake muli timafupa 14, pamene ife tili nato 7 tokha. Makutu ake sali pa mzere umodzi, lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake. Motero adziwa pamene pali mbewa ngakhale mu mdima wa ndiwe yani, pongomva kukhwasula kwake m'udzu.

Cakudya cake cacikulu ndi mbewa ndi makoswe. Kadzidzi mmodzi adya mbewa zitatu kapena zinayi usiku umodzi, ndipo akakhala ndi ana m'cisa agwira zoposa pamenepo. Wamkazi aikira mazira 4 mpaka 7 kawirikawiri, nawafungatira pafupifupi mwezi. Ana akhala m'cisa miyezi iwiri, akudya usiku uliwonse. Werengani nokha mbewa zimene banja limodzi lotere litha. Ndipo tisaiwale kuti ife a kumtunda kuno mbewa tizidziwa bwino. Tizikumba ndi khasu, tiziwamba, tizidyera nsima. Kadzidzi ndi mnzathu wa ndiwo imodzi, kungoti iye sathira mcere.

Nanga atera pa denga la uje, osati la ujeni, cifukwa ciani? Atera pamene pali cakudya. Nyumba imene ili ndi matumba a cimanga ili ndi makoswe. Kumudzi kadzidzi ali ndi chire ndi mitengo ya kumanda. Ku bairo mitengo inatha ndi makala ndi kumanga, ndipo malo okwera amene atsala ndi madenga athu.

Wina adzati, "Koma ine ndinamumva ndi makutu anga, ndipo m'mawa mwake agogo anatisiya." Sindikana kuti munamumva. Koma ganizirani, ndani akhala maso pakati pa usiku? Ndi iye amene adwazika matenda. Kadzidzi alira usiku wambiri pa caka, ife tili m'tulo. Usiku umene tikhala pambali pa wodwala, khutu litamva ciliconse, ndi umene timumva. Wodwala akacira, tiiwala kuti kunalira mbalame. Akamwalira, tikumbuka mpaka ukalamba.

Ikadakhala nkhani ya mbalame yokha, mwina sindikadalemba zambiri. Koma mantha pa kadzidzi sathera pa kadzidzi. Anthu akamugenda, afunsana kuti wamutuma ndani. Maso sapita kwa munthu wa galimoto ndi mpanda wa njerwa. Apita kwa mayi wamasiye wokhala yekha, kwa agogo amene ayamba kuiwala ndi kulankhula okha, kwa mlendo amene cilankhulo cake ndi cina. Ku bairo anthu anacokera kosiyanasiyana. Mnyungwe, Msena ndi Mngoni wa ku Angónia atunga pa mpope umodzi, koma sadziwana makolo. Kumudzi wonamiziridwa ali ndi mwini mbumba womuimira pa bwalo. Ku bairo angakhale alibe ndi mmodzi yemwe. Anthu aleka kumupatsa moni. Aletsa ana kukapala moto kwa iye. Tsiku limene adwala, palibe womutengera phala. Zonsezi cifukwa mbalame inafuna khoswe.

Ndipo onani mmene zinthu ziwirizi zigwirana. Khoswe wodya mankhwala ndi amene kadzidzi agwira msanga, pakuti sathawa. Kadzidzi adya, nafa nayenso. Amene sanafe ndi mankhwala afa ndi legeni. Pakapita miyezi makoswe acuruka kuposa kale, ndipo bambo uja abwerera ku msika kukagulanso mankhwala.

Kodi tsono ndinena kuti tisaphe kanthu? Iyayi. Udzudzu ubweretsa malungo, tiuphe. Khoswe nayenso sangoba cimanga. Utitiri wake unyamula mliri wa makoswe, umene unagwa m'boma la Mutarara, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete, m'caka ca 1994. Koma ngakhale pamenepa pafunika nzeru. Khoswe akafa, utitiri ucoka pa mtembo wozizira kukafuna magazi ena, ndipo apafupi ndi anthu. N'cifukwa cake a zaumoyo pa nthawi ya mliriwu ayamba kupha utitiri, makoswe pambuyo. Khoswe wakufa sagwiridwa ndi manja. Amunyamula ndi fosholo, namukwirira mozama.

Kupha kulipo kwa mitundu yosiyana. Tipha nkhuku kuti tidye. Tipha udzudzu kuti tisadwale. Pamenepa munthu angayankhe akafunsidwa. Koma nanzikambe watilakwira ciani? Alibe ululu, adya nchenche ndi ziwala, ayenda pang'onopang'ono kotero kuti ngakhale mwana amupeza. Timupha cifukwa ca maso ake ndi khungu losinthasintha. Cule adya tizilombo ta m'dimba usiku. Timuponda cifukwa ndi wonyansa. Ndiyesa kuti amene apha camoyo ayenera kukhala ndi cifukwa cimene anganene pamaso pa anzake osacita manyazi. "Nkhope yake sindiikonda" si cifukwa cotere. Ndipo mtima wozolowera kuweruza ndi nkhope sucedwa kucita cimodzimodzi kwa agogo a kuseri kwa mpanda.

Pa njoka sindilimba mau. Zilipo njoka za m'nyumba zopanda ululu zimene zidya makoswe. Iliponso mphiri, imene ikaluma munthu angataye mwendo kapena moyo. Mayi waona njoka usiku pafupi ndi mphasa ya ana. Alibe nthawi yofunsa mtundu wake. Akatenga mpini, ine sindimuimba mlandu. Mphamba wotola anapiye nayenso aliza mayi amene anayembekeza kugulitsa nkhuku kuti agule makope a ana. Kumuuza kuti mbalame nayo imva njala sikumubwezera anapiye. Cimene cithandiza ndi kakhola kovindikira anapiye akali aang'ono, ndipo kameneka kafuna bango ndi nchito.

Pa makoswe njira zilipo zosaoloka mpanda. Msampha ndi diwa zipha khoswe pamalo pomwepo, ndipo uona cimene wapha. Cimanga cisungidwe m'mgolo wotseka, kapena matumba aikidwe pa thandala, kutali ndi khoma. Zotsala za nsima zisagone pa bwalo. Koma nyumba imodzi ikasesa, zinayi zoizungulira zili ndi dzala losakwirira, makoswe angosamuka usiku n'kubwerera. Ku bairo kuli mkulu wa nyumba khumi ndi sekeretaryo wa bairo. Anthu apita kwa iwo nkhuku zitafa kale, mau oipa atatuluka kale. Bwanji osapita poyamba, kukapangana tsiku limodzi losesa ndi kuchera misampha nyumba zonse pamodzi? Ndipo amene aona kuti sangacitire mwina koma kuika mankhwala, auze anansi a mbali zonse tsiku lomwelo, kuti atsekere nkhuku ndi kuyang'anira ana.

Kadzidzi wa ku Matundo ndi yemweyo wa pafupi ndi nkhokwe zanu kuno kumudzi, ndipo mungathe kuyesa nokha zimene ndanena. Iye ameza mbewa yathunthu. Ubweya ndi mafupa sizigayika m'mimba mwake, ndipo azilavula zitaumbika ngati kambulu kakuda, kotalika ngati cala cacikulu. Timibulu timeneti tipezeka pansi pa mtengo kapena denga limene agona masana. Mukatipeza, musagwire ndi manja. Phwanyani ndi kamtengo pa nthaka youma. Mudzaona tizigaza tating'ono tokhala ndi mano awiri akutsogolo, aatali ndi acikasu. Werengani tizigazato, mulembe nambala yake m'kope, mubwere nayo ku phunziro la sabata la mawa.