Chifundo chopanda luso m'kalasi ya ana aang'ono

Mu Uthenga Wabwino wa Yohane mutu 9, ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona, anafuna kudziwa amene anachimwa, mwiniwakeyo kapena makolo ake. Yesu anazikana zonse ziwiri. Funsolo likadalipo m'midzi mwathu, kungoti pano limamveka ngati nkhani ya ufiti ndi kukhwima: mwana wochedwa kulankhula amanong'onezedwa kuti bambo ake anamugwiritsa ntchito pofuna chuma. Mphunzitsi amakulira m'mudzi womwewo. Okhulupirira ambiri amaganiza kuti mankhwala a maganizo oterewa ndi chifundo. Ine ndikuti chifundo n'chiyambi chabe, ndipo chikakhala chopanda luso chimatha kumupweteka mwana amene chikumumvera chisoni.

Taganizirani mwana wachialubino mu Sitandade 1. Maso ake saona bwino patali, ndipo kuwala kumamuthobwa. Mphunzitsi wachifundo koma wosaphunzitsidwa amamuleka akhale kumbuyo, samufunsa funso poopa kumuchititsa manyazi, chaka n'kutha mwanayo asakudziwa chilembo. Wophunzitsidwa amamukhazika pafupi ndi bolodi, amalemba zilembo zikuluzikulu, ndipo amamufunsa mafunso ovuta monga anzake onse. Kwa mwana wovutika kumva, amaleka kulankhula atayang'ana bolodi. Mwana wa khunyu akagwa, amamugoneka chammbali, samuika supuni m'kamwa, ndipo amauza anzake kuti matendawa sapatsirana. Zonsezi sizichokera mumtima wabwino wokha. Wina ayenera kuziphunzitsa. Ngati munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, maphunziro a mwanayu ndi ngongole imene tili nayo kwa iye, ndipo ngongole sibwezedwa ndi chisoni.

Ena amati kuleza mtima ndi mphatso yochokera kumwamba, sukulu ya uphunzitsi singaipereke. N'zoona pang'ono. Koma kupsa mtima kwa aphunzitsi ambiri kumabadwa m'kusowa chochita: wayesa njira imodzi yokha imene amaidziwa, yakanika, ndiye akuti mwanayo ndi mbuli kapena wamwano. Mupatseni njira yachiwiri, mkwiyo uchepa. Enanso amati ntchitoyi tiisiyire akatswiri, monga amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndi sukulu zapadera ngati Chilanga ku Kasungu ya osaona kapena Mua ya osamva. Akatswiriwo ndi ofunika, makamaka pa zilembo za Braille ndi chinenero cha manja. Koma mwana wa zaka zinayi sayambira kumeneko. Amayambira ku mkombaphala, m'manja mwa alezi ongodzipereka, ndipo ndi iwowo amene angazindikire msanga kuti sakutembenuka akaitanidwa.

Chovuta chenicheni ndi kuchuluka kwa ana. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chaka chomwe mayiko anagwirizana ku Salamanca kuti ana onse aziphunzirira limodzi, makalasi athu a m'munsi amadzaza mpaka pakhomo. Wina angati kusamala mwana mmodzi n'kubera enawo nthawi. Koma Maria Montessori anayamba ndi ana ovutika kuphunzira mumzinda wa Rome, ndipo njira zakezo anazitengera kwa ana wamba mu 1907, n'kuyenda bwino. Zilembo zikuluzikulu, timiyala towerengera ndi mphunzitsi woonetsa nkhope polankhula zimathandizanso mwana wakumbuyo amene wabwera osadya.