Duwa la M'mbali mwa Msewu

Munthu woyenda pa basi m'mwezi wa October, pamene dziko lauma ndipo tchire lapsa ndi lupsa, amaona chinthu chodabwitsa polowa m'mizinda monga Blantyre, Zomba kapena Harare. Mitengo ya jakaranda imakhala itayoyola masamba, koma nthambi zake zitadzaza maluwa a chibakuwa, ndipo pansi pake pamaoneka ngati payalidwa nsalu. Basi ikangokhota, maluwawo atsala m'mbuyo. Wapaulendo sanabzale mtengowo, sadzadyako chipatso, ndipo akadzabwerera patapita milungu yowerengeka adzapeza maluwa onse atathothoka. Nanga kodi nkwanzeru kukondwera ndi chinthu chimene sitingathe kupita nacho kwathu?

Funsoli si lamasewera kwa munthu amene nkhokwe yake yatha chimanga mvula isanagwe. Iye angathe kunena kuti maluwa ndi nkhani ya anthu okhuta. Koma werengani Mateyu 6:25-30 ndipo muone anthu amene Yesu anawauza kuti alingalire za maluwa akuthengo. Anali anthu odera nkhawa za chakudya ndi chovala. Ambuye sanabise kuti maluwawo sakhalitsa, pakuti anatchulanso ng'anjo imene udzu umatherako. Komabe anawaika pamwamba pa ulemerero wa Solomo. Pa Genesis 2:9, pofotokoza mitengo ya m'Edene, Malembo ayamba kutchula kukongola kwake, kenaka ubwino wake ngati chakudya. Pamapiri a Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa otchedwa orchid, ndipo ambiri a iwo amaphuka ndi kufota m'dzinja popanda munthu wowaona. Mlengi sanawerengere kukongola pa muyeso wa phindu lathu.

Ife osunga Sabata tiyenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi. Masiku asanu ndi limodzi timayang'ana mtengo ndi kuona nkhuni, timayang'ana dambo ndi kuona dimba. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri khasu ndi nkhwangwa zimagona, ndipo maso amaphunzira kuona chinthu monga cholengedwa cha Mulungu, chosayembekezera kuti tichikolole.

Maso omwewa ndiwo amene timaonera anzathu, ndipo apa ndi pamene nkhani ikutikhudza kwambiri. Pali ubwenzi umene umayamba ndi kuwerengera: mbale uyu ali ndi galimoto, mlongo uyu ali ndi mwana pantchito yabwino. Mlimi aliyense amamudziwa kaufiti. Timaluwa take tofiira timakongola ndithu pakati pa mizere, koma mizu yake imakhala italumikizika ku mizu ya chimanga kapena mapira ndi kuyamwa madzi ndi chakudya. Choopsa nchakuti amayamba kuyamwa asanatulukire pamwamba pa nthaka, kotero pamene duwa likuoneka chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Moni wokoma pakhomo la tchalitchi angathe kukhala duwa lotere. Si tchimo kupempha thandizo kwa bwenzi, pakuti tinalamulidwa kusenzerana zothodwetsa (Agalatiya 6:2). Koma dzifunseni nokha: ndani mwa abwenzi anu amene mukanapitabe kukamuona atachotsedwa ntchito, kapena atasamukira kutali kumene sangakuthandizeninso?

Jonatani, mwana wa Mfumu Sauli, analibe chimene akanapindula mwa Davide. Kunena zoona, kukwera kwa Davide kunatanthauza kuti iye mwini sadzakhala pa mpando wa atate wake, ndipo Sauli anamuuza zimenezo mokalipa (1 Samueli 20:30, 31). Komabe anampatsa Davide malaya ake, lupanga, uta ndi lamba (1 Samueli 18:1-4). Anaona mwa mbusa wa ku Betelehemu ntchito ya manja a Mulungu, nakondwera nayo ngakhale siinali yoti aisunge. Ubwenzi wawo unali wa anthu apaulendo: kukomana mobisika kuthengo, kulira, ndi kulekana. Kukomana kwawo kotsiriza kumene Malembo atiuza kunachitikira m'chipululu cha Zifi, Davide ali wothawathawa. Jonatani anayenda ulendo woika moyo wake pachiswe kuti akangomulimbikitsa mnzake mwa Mulungu, kenaka anabwerera kwawo (1 Samueli 23:16-18). Anayembekeza kudzakhala wachiwiri kwa Davide mu ufumu, koma anafera kunkhondo pa phiri la Giliboa asanaone tsikulo.

Patapita zaka, Davide atakhazikika mu Yerusalemu, anafunsa ngati panatsala wina wa nyumba ya Sauli woti amchitire chifundo chifukwa cha Jonatani. Anamupeza Mefiboseti ku Lodebara, munthu wolumala mapazi onse awiri, wosatha kumumenyera nkhondo mfumu. Werengani 2 Samueli 9 ndipo muwerenge kuti ndi kangati pamene chaputalachi chatchula za kudya kwake pa gome la mfumu.