Kodi Mtima Wanu Uli Pamene Inu Muli?

MU 1973, akatswiri aŵiri a zamaganizo, John Darley ndi Daniel Batson, anafalitsa zotulukapo za kufufuza kumene anachita pakati pa ophunzira zaubusa pa Princeton Theological Seminary, ku United States. Wophunzira aliyense anapemphedwa kupita kunyumba ina yapafupi kukakamba nkhani yaifupi, ndipo ena anagaŵiridwa kukamba za fanizo la Yesu la Msamariya wachifundo. Panjira yopita kumeneko, ofufuzawo anaikapo mwamuna wina amene anakhala atazyolika pakhomo, akutsokomola ndi kubuula.

Kodi chinachitika nchiyani? Pakati pa ophunzira amene anauzidwa kuti nthaŵi ikalipo, 63 peresenti anathandiza mwamunayo. Koma pakati pa amene anauzidwa kuti achedwa kale, 10 peresenti okha ndiwo anathandiza. Nkhani imene anali kukakamba sinasinthe zinthu kwenikweni. Ena amene anali kuthamangira kukalankhula za Msamariyayo anachita kumlumpha munthu wobuulayo!

Zimenezi zikudzutsa funso lofunika. Pamene talephera kuchitira mnzathu chabwino, kaŵirikaŵiri timadzikhululukira mwa kunena kuti, ‘Sindinazindikire.’ Kodi munthu angaimbidwe mlandu kaamba ka chinthu chimene sanachilabadire?

Thupi Pano, Mtima Kwina

Kuyendayenda kwa maganizo nkofala kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a pa Yunivesite ya Harvard anafunsa achikulire 2,250 kupyolera pafoni, panthaŵi zosiyanasiyana za tsiku, chimene anali kuchita ndi chimene anali kulingalira. Anapeza kuti pafupifupi 47 peresenti ya nthaŵi, maganizo a anthuwo sanali pa chimene anali kuchita. Ndiponso, panthaŵi zoterozo anthuwo anali osasangalala kwambiri poyerekezera ndi pamene maganizo awo anali pantchito imene inali m’manja mwawo.

Kodi zimenezi sizachilendo kwa ife? Tate amangovomera ndi mutu pamene mwana wake akusimba zimene zamchitikira kusukulu, maso ali pafoni. Mlongo amaimba nyimbo yonse pamsonkhano wa mpingo koma mumtima akuŵerengera ngongole. Timapatsa mbale moni, ndipo iye asanamalize kuyankha, maso athu ali kale pa munthu wina. Sitinganene kuti mwa kuchita zimenezi taba kapena kunama. Komabe, pali wina amene wamanidwa chimene anali kufunikira.

Mankhwala Amene Atchuka

Pofuna kuthetsa vutoli, ambiri atembenukira ku chizoloŵezi chimene m’Chingelezi chimatchedwa mindfulness, ndiko kuti, kuika maganizo mwadala pa chimene chikuchitika panthaŵi ino. Magwero ake ali m’Chibuda. Mu 1881, katswiri wa ku Britain, T. W. Rhys Davids, anagwiritsira ntchito liwulo potembenuza liwu la chinenero cha Pali lakuti sati, limene poyambirira linatanthauza kukumbukira. Mu 1979, Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro ochepetsa kupsinjika maganizo pasukulu ya zamankhwala ya Yunivesite ya Massachusetts. M’maphunziro a milungu isanu ndi itatu ameneŵa, ophunzira amapatsidwa mphesa youma kuti aiyang’ane, kuinunkhiza, ndi kuitafuna pang’onopang’ono. Mphunzitsi Wachibuda wa ku Vietnam, Thich Nhat Hanh, amene anamwalira mu 2022, analimbikitsa otsatira ake kuchita zofananazo potsuka mbale ndi poyenda.

Aphunzitsi ameneŵa anaona mfundo yoona: kukhala tcheru kumene kumathera m’chipinda chabata nkopanda phindu lalikulu, pakuti moyo wathu wambiri timauthera kukhitchini, kumunda, kumsika, ndi pamsewu. Komabe, pali funso limene kukhala tcheru pakokha sikungayankhe. Kodi tikhale tcheru ndi chiyani, ndipo kaamba ka yani? Wopisa m’matumba mwa anthu pamsika ali tcheru kuposa ogula onse. Amaona dzanja lililonse ndi chikwama chilichonse, ndipo maganizo ake sayendayenda konse. Koma kodi tingamutche munthu wabwino? Ngakhale m’Chibuda chenichenicho, sati inali mbali imodzi yokha mwa mbali zisanu ndi zitatu za njira yawo, ndipo inayendera limodzi ndi malamulo a khalidwe. Mkristu amafunikira zoposa kuona chabe. Baibulo limasonyeza kuti munthu wokhwima mwauzimu ndi amene wazoloŵeretsa nzeru zake kusiyanitsa chabwino ndi choipa mwa kuzigwiritsira ntchito.—Ahebri 5:14.

Anali Tcheru Pakati pa Ntchito

Malemba amatamanda kusinkhasinkha kwa munthu ali yekha. Isake anapita kuthengo madzulo kukalingalira, ndipo Yesu anali kudzuka mbandakucha kukapemphera kumalo opanda anthu. (Genesis 24:63, Marko 1:35) Koma Yehova sanafune kuti kumkumbukira kuthere pamenepo. Makolo Achiisrayeli analamulidwa kukambirana mawu ake ndi ana awo panyumba, paulendo, pogona, ndi podzuka. (Deuteronomo 6:6, 7) Zochita wamba za tsiku ndi tsiku ndizo zinali malo ophunziriramo.

Talingalirani za Nehemiya, woperekera chikho wa Mfumu Aritasasta ya Perisiya. M’chaka cha 20 cha ulamuliro wa mfumuyo, Nehemiya anali kuperekera vinyo pamene mfumu inaona chisoni pankhope pake nimfunsa chimene anali kufuna. Panalibe nthaŵi yopita kuchipinda. Pakati pa funso la mfumu ndi yankho lake, Nehemiya anapemphera kwa Mulungu wakumwamba. (Nehemiya 2:1-6) Pemphero la kamphindi limenelo linatheka chifukwa chakuti mtima wake unali utazoloŵera kale kutembenukira kwa Mulungu, pakuti iye anali atapempherera nkhaniyo masiku ambiri.

Chitsanzo choposa zonse ndicho cha Yesu. Tsiku lina anali kupita kunyumba ya Yairo, mkulu wa sunagoge, amene mwana wake wamkazi wa zaka 12 anali pafupi kufa. Ulendowo unali wofulumira, ndipo khamu linali kumkanikiza kumbali zonse. Mkazi wina amene anadwala nthenda yokha mwazi kwa zaka 12 anakhudza chovala chake chakumbuyo. Yesu anaima, namfunafuna, namvetsera kufikira mkaziyo atasimba zonse, ndiyeno anamtonthoza monga mwana wake. (Marko 5:22-34) Ophunzira ake anaona khamu, pamene Yesu anaona munthu mmodzi wamantha wofunikira mawu achifundo.

Kodi Mlandu Uli Pati?

Tsopano tingayankhe funso lathu lija. Palibe munthu amene angaone zonse, ndipo Mulungu, amene amadziŵa kuti ndife fumbi, sayembekezera zimenezo. (Salmo 103:14) Koma pali kusadziŵa kumene munthu amadzichititsa yekha. Wafilosofi Wachigiriki Aristotle, wa m’zaka za zana lachinayi B.C.E., anaona kuti opanga malamulo amalanga munthu woledzera ngakhale kuti sanadziŵe chimene anali kuchita, popeza kuti anali ndi mphamvu yakusaledzera. Mofananamo, dalaivala amene wagunda mwana chifukwa chakuti anali kuŵerenga uthenga pafoni anganene zoona kuti mwanayo sanamuone. Mlandu wake unayambira pamene anasankha kumene angaike maso ake.

M’fanizo la Yesu, wansembe ndi Mlevi anamuona munthu wovulalayo, monga momwe Msamariya anamuonera. (Luka 10:30-37) Kusiyana kwake kunali kwakuti Msamariya analola chimene anaona kufika pamtima pake ndi kusintha ulendo wake. Chotero, kulabadira ndiko chiyambi cha chikondi. Sitingatonthoze munthu amene chisoni chake sitinachione, ndipo sitingathokoze Mulungu kaamba ka chakudya chimene tameza osachilaŵa. Ngati tadzaza tsiku lathu kotero kuti nthaŵi zonse tili ochedwa, ndiye kuti tasankhiratu kuti sitidzaima kaamba ka aliyense.

Zimene Tingachite

Wina anganene kuti: ‘Nkhaŵa zanga nzenizeni. Ufa watha, ndipo ana akufuna fizi.’ Zoonadi, Baibulo silipeputsa mavuto otero, ndipo limatamanda munthu wokonzekera zamtsogolo. (Miyambo 21:5) Koma kukonzekera kumakhala ndi mapeto, pamene kuda nkhaŵa kumangobwereza zinthu zimodzimodzizo usana ndi usiku. Nchifukwa chake Yesu analangiza otsatira ake kusasenzeratu lero mtolo wa maŵa. (Mateyu 6:34) Patulani nthaŵi yokhala pansi ndi kulinganiza ndalama ndi ntchito, pemphererani nkhaniyo, ndiyeno bwererani kwa anthu amene ali pamaso panu.

Zizoloŵezi zazing’ono zingathandize. Nyamukani mofulumirirapo popita kuntchito kapena kumisonkhano, kuti ngati mwapeza wina wofunikira thandizo mukhale ndi mphindi zomupatsa. Mukafunsa munthu mmene wadzukira, dikirani yankho lake ndipo yang’anani nkhope yake. Panthaŵi ya chakudya, ikani foni kutali. Posiya ntchito ina kupita ku inzake, monga potseka sitolo kapena poika khasu pansi, perekani pemphero lachidule monga la Nehemiya. Mukaona kuti maganizo athaŵanso, abwezeni popanda kudzitsutsa. Yesu anawongolera Marita mokoma mtima pamene ntchito zambiri zochereza zinamlepheretsa kumvetsera Mlendo amene anali kumphikira. (Luka 10:38-42) Akale anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Mulungu amene timamlambira ngwolabadira. Anaona Hagara, mdzakazi wothaŵa, ali yekha pakasupe m’chipululu, ndipo Yesu anatitsimikizira kuti Atate wake amadziŵa ngakhale za mpheta imodzi imene yagwa pansi. (Genesis 16:7-13, Mateyu 10:29) Pamene tiphunzira kumkumbukira pakati pa ntchito zathu ndi kuona anthu amene waika panjira yathu, timamtsanzira monga ana ake okondedwa. Ndithudi, banja lathu, mpingo, ndi anansi athu adzapindula kwambiri ngati mtima wathu ukhala pamene ife tili.