Mlendo ndi Mame: Malo a Zokopa Alendo m'Masomphenya a Malawi 2063

Mwambi wakuti mlendo ndi mame, umene ena amaumaliza ndi mawu akuti sachedwa kukamuka, umanenedwa kawirikawiri pamene mwini khomo wayamba kung'ung'udza kuti wobwerayo akumuthera ufa ndiponso akumupanikiza malo ogona. Mame amagwa usiku, amanyowetsa udzu ndi miyendo ya wolawirira kumunda, koma dzuwa likangokwera pang'ono amauma osasiya chizindikiro. Ponena choncho akuluakulu amakumbutsa mwini khomo kuti kumuyalira mlendo mphasa, kumutenthetsera madzi osamba ndi kumuphera nkhuku ndi ntchito ya masiku owerengeka, pamene mbiri imene mlendoyo akaifalitse kwawo idzakhala nthawi yaitali. Mwambiwu uli ndi phunziro linanso limene silitchulidwa kwambiri, lakuti mlimi sadzala mbewu chifukwa cha mame, ndipo banja limene laika chiyembekezo chake chonse pa zimene mlendo wabwera nazo limagona ndi njala iye akangotsazika.

Maphunziro awiriwa amafika pamtima pa funso la malo amene ntchito zokopa alendo ziyenera kupatsidwa m'ndondomeko za chitukuko za zaka zambiri. Ntchito zokopa alendo ndi malonda onse otumikira anthu ochoka kwawo kudzaona malo, nyama ndi chikhalidwe, kuyambira kuwanyamula, kuwagoneka ndi kuwadyetsa mpaka kuwaperekeza m'nkhalango ndi m'mapiri. Chikalata cha Malawi 2063, chimene chidakonzedwa motsogozedwa ndi bungwe la National Planning Commission ndi kukhazikitsidwa mu Januwale 2021 m'malo mwa Vision 2020, chidamangidwa pa nsanamira zitatu, zomwe ndi ulimi wopindulitsa wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, ndipo zokopa alendo zidaikidwa pansi pa nsanamira yachitatuyo. Pambuyo pake boma la Lazarus Chakwera lidazikweza poziika pamodzi ndi ulimi ndi migodi monga magawo atatu oyenera kutsogola pobweretsa ndalama zakunja, ndipo chifukwa chake n'chomveka m'dziko limene kwa zaka zambiri ladalira fodya, mbewu imene msika wake padziko lonse ukupanikizidwa ndi malamulo a zaumoyo.

Chovuta choyamba chimene wokonza ndondomeko amakumana nacho n'chakuti mlendo amakhala sabata imodzi kapena awiri, koma chimene wadzaonacho chimatenga zaka khumi kapena makumi awiri kuti chikonzeke. Nkhalango ya Majete, m'boma la Chikwawa, ndi umboni wooneka bwino wa zimenezi. Pofika m'zaka za m'ma 1990 opha nyama mozembera malamulo adali atatha njovu zonse m'nkhalangoyi, zipembere ndi mikango zidali zitasowa kale, ndipo panalibe chifukwa choti munthu alipire kuti alowemo. M'chaka cha 2003 boma lidachita mgwirizano wa zaka 25 ndi bungwe la African Parks, ndipo chaka chomwecho zipembere zidabwezeretsedwa, njovu zidatsatira mu 2006, koma mikango idadikira mpaka 2012, chifukwa panafunika kuti mpanda umangidwe, alonda aphunzitsidwe, ndiponso kuti nyama zimene mikango imadya ziyambe zaswana. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezi n'zotalika kuposa nthawi imene boma losankhidwa limakhala pampando chisankho china chisanafike, ndipo pamenepa m'pamene pali chifukwa chenicheni choikira ntchitozi m'chikalata cha zaka makumi anayi osati m'malonjezo a pa msonkhano wa ndale. Mu 2015 bungwe lomwelo lidapatsidwa Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, kutanthauza kuti Majete, nkhalango imene idalibe njovu ngakhale imodzi, idafika pogawirako inzake.

Phunziro lachiwiri la mwambiwu lidaoneka m'chaka cha 2020, pamene mliri wa COVID-19 udaimitsa ndege zonyamula anthu kwa miyezi ingapo, malo ogona alendo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay n'kukhala opanda anthu, ndipo operekera zakudya, oyendetsa maboti ndi osema ziboliboli adabwerera kumudzi chimanjamanja. Mlendo sabwera chifukwa chokakamizidwa, motero mphekesera ya matenda, ya zipolowe kapena ya kusowa kwa mafuta a galimoto imakwanira kumutembenuzira ku Zambia kapena ku Tanzania. Ngakhale m'chaka chabwino, gawo lina la ndalama zimene mlendo walipira silifika n'komwe m'dziko muno, popeza tikiti ya ndege ndi malipiro a kampani yokonza ulendo zimatsalira kwawo, ndipo gawo linanso limatuluka msanga pokagula kunja zakumwa, zakudya ndi zipangizo za m'hotela. N'chifukwa chake kuwerenga chiwerengero cha alendo olowa pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pa chipata cha Mwanza, ngakhale kumakometsa malipoti a unduna, sikuuza aliyense kuchuluka kwa zimene zatsala m'manja mwa eni dziko.

Muyeso woyenera ndi wa zinthu zimene zimakonzedwa chifukwa cha mlendo koma n'kutsalira mwini khomo. Msewu wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika, umene kwa zaka zambiri wakhala wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, ukakonzedwa sunyamula odzaona mbidzi okha, komanso khofi, nyemba ndi odwala opita kuchipatala. Magetsi ndi madzi a m'mipopi ofika ku hotela ya m'mbali mwa nyanja amadutsa m'midzi ya asodzi, ndipo ndondomeko ndiyo imagamula ngati adutsa pamwamba pa midziyo kapena alowamo. Hotela imene imagula tomato, mazira ndi mpunga kwa alimi a m'dera lake imasandutsa usiku umodzi wa mlendo kukhala msika wa ulimi, ndipo pamenepa nsanamira yachitatu imakhala ikuchirikiza yoyamba. Kuchotsa viza, chomwe ndi chiphaso cholowera m'dziko, kwa nzika za mayiko 79 monga zidachitikira mu Febuluwale 2024 kunali kutsegula chitseko, ntchito imene imatha ndi siginecha ya nduna, pamene misewu, sukulu zophunzitsa ophika ndi operekeza alendo, ndi mgwirizano wa alimi ndi mahotela zimafuna ndalama za m'bajeti chaka ndi chaka.

Pali malo amodzi pamene mwambiwu sukwanira kufotokoza za masiku ano. Pamudzi, wolandira mlendo ndi wolandira mphatso yake amakhala munthu mmodzi, koma m'malonda a zokopa alendo wosenza mtolo ndi wodya phindu nthawi zambiri amakhala anthu osiyana. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, ndipo m'zaka zotsatira anthu a m'midzi yozungulira, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, adadandaula kuti njovuzo zikuwononga minda ndi nkhokwe ndiponso kupha anthu. Mlimi amene chimanga chake chadyedwa usiku umodzi sangauzidwe kuti apirire poti mlendo sakhalitsa, chifukwa njovu imene yasungidwira mlendoyo imakhala naye chaka chonse. Ndondomeko imene ikuwerengera ndalama zolowera pa geti iyeneranso kuwerengera mtengo wa mpanda wamagetsi, wa chipepeso ndi wa gawo lopita kwa anthu oyandikana ndi nkhalango, ndipo ndalama zimenezi ziyenera kupezeka nyama zisanatsitsidwe m'magalimoto.

Ntchito yolemera koposa ya wokonza ndondomeko ndi kugamula pamene magawo awiri okondedwa akulimbirana malo amodzi. Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear idalembedwa ndi UNESCO pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba, makamaka mbuna, imene siipezeka kwina kulikonse, komabe m'chaka cha 2011 boma lidapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja yomweyo. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lidalowa pa mndandanda womwewo mu 2025, koma ku Lichenya kuli miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, imene makampani a migodi akhala akuiyang'ana kwa zaka zambiri, pamene mitengo ya mkungudza idadulidwa kale pafupifupi yonse ndi ocheka matabwa. Mgodi ukhoza kubweretsa ndalama zambiri m'zaka zochepa kuposa zimene okwera phiri angabweretse, ndipo nduna ya zachuma imene ikusowa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi feteleza ili ndi zifukwa zomveka zousankhira. Koma mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo imachokera m'phirimo, minda ya tiyi ya m'munsi imamwa madzi ake, ndipo mzinda wa Blantyre nawo udayamba kutunga madzi ku Likhubula, kotero kuti chigamulo chokhudza Mulanje ndi chigamulo cha madzi, ulimi ndi mizinda, ngakhale chitalembedwa pansi pa mutu wa migodi kapena wa zokopa alendo.