Chakudza Sichiimba Ng'oma

Mwambi wakuti "chakudza sichiimba ng'oma" umatanthauza kuti vuto silichenjeza likamabwera, choncho munthu wanzeru amakonzekeratu. Phunziro limeneli limaoneka bwino pa njinga yamoto yopanda geji, yomwe ndi kachipangizo kosonyeza kuchuluka kwa mafuta otsala m'thanki. Wakabaza wosamala amalemba makilomita amene akuoneka pa mita nthawi iliyonse akathira petulo, kuti adziwe mtunda umene lita imodzi imamuyendetsa, ndipo m'mawa uliwonse amatsegula chivindikiro cha thanki n'kugwedeza njingayo, uku akumvetsera phokoso la mafuta m'katimo. Injini ikayamba kutsamwa, amatembenuzira kampopi ka mafuta ku rizevu, kutanthauza mafuta ochepa otsalira pansi pa thanki, amene ntchito yake n'kumufikitsa komwetsera mafuta basi. Wonyalanyaza zimenezi amakankha njinga padzuwa, kasitomala wake atakwera ina.